Mabuluku Amene Sanapite ku Congo

Ku tchalitchi cha Amalawi ku Ilford, mumzinda wa London, kuli mayi ena achikulire, ndipo palibe chovala chimene chimalowa m'katoni yopita kwa othawa nkhondo ku Congo iwo asanachigwire. Ndi namwino wopuma pantchito amene anagwirapo m'makampu a anthu othawa nkhondo a ku Mozambique, ku Nsanje. Amasokerera batani lililonse lothothoka, uku akunena kuti, "Wothawa nkhondo wataya nyumba, sanataye ulemu."

Loweruka lina Effie, yemwe amasamalira okalamba ku Romford, anabweretsa mabuluku amawangamawanga ngati a asilikali, amene achinyamata a ku London ankawakonda chaka chimenecho. Mayiwo anawapinda bwinobwino n'kumubwezera.

Nkhope ya Effie inagwa. "Koma mayi, ndi anyuwanitu, ndachita kugula dzulo."

"Ndaona, mwanangu, ndipo wachita bwino," anayankha motsitsa mawu. "Koma kuno ndi fashoni. Kumene akupitako, munthu akavala zimenezi, wamfuti safunsa kuti wazitenga kuti. Ku Nsanje ndinatsekapo maso a bambo wa ana anayi, mlimi wa chinangwa, yemwe anawomberedwa chifukwa cha malaya otere amene anangotola panjira."