Fumbi la pa Kalole ka Amalume

Nditalemba mayeso a Fomu 4 pa sekondale yoyendera ya kwathu ku Mwadzama, amayi ananditumiza ku boma kukakhala ndi amalume, mlongo wawo wamkulu. Iwo anali atapuma usilikali ndipo ankakhala okha. Pondikweza kabaza amayi anandilangiza kuti, "Mwana wamkazi sadikira kutumidwa. Ukaona chakuda, tsuka."

Amalume anayendetsa malole a asilikali zaka zambiri, ndipo atapuma anayamba kupanga timagalimoto ta nkhondo totalika ngati phazi la munthu wamkulu. Thupi ankadula ku zitini za mafuta ophikira, matayala ankasema ku mapatapata akutha. Pabalaza panali timalole ndi tiakasinja m'kabati yagalasi yokiya. Ndinkatiyang'ana ndikamasesa, ndipo ndinkamva chisoni kuti zinthu zokongola chotere zinali ndi fumbi ndi dzimbiri. Ndinkati ndi mmene zimakhalira pa nyumba yopanda mkazi.

Tsiku lachitatu amalume anapita kuchipatala chifukwa manja awo anali atayamba kunjenjemera. Pakhonde lakuseri, pa tebulo lawo logwirira ntchito, anasiya kalole kamodzi kakuda kuposa tonse. Ndinatenga beseni, sopo ndi kamswachi kakutha. Ndinatsuka mosamala, ngakhale kunsi kwa matayala. Madzi anafiira, kalole kanatsala kobiriwira ngati tsamba la mpunga. Ndinakaika pa mbale kuti kaume, n'kuyamba kudikira kuyamikiridwa.

Amalume atafika anaima nthawi yaitali chipewa chili m'manja.

"Mbumba yanga, fumbi langa lili kuti?"

"Ndatsuka, amalume."

"Ndi sopo?"

"Eya. Ndi kamswachi."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. "Masabata atatu ndakhala ndikudetsa lole imeneyi. Iwe waiyeretsa madzi a tiyi asanawire. Akanakudziwa akuluakulu athu a ku balaki, bwenzi pano uli sajeni."

Ndinagwada. Ndikanakonda akanandikalipira. M'malo mwake anandifotokozera kuti kaloleko kanali chithunzi cha lole imene mnzawo wapamtima ankayendetsa. Mnzawoyo, bambo wa Chisilamu wa kumathiriro a Bua, anali atamwalira mwezi wapitawo, ndipo amalume analonjeza mkazi wamasiye kuti adzabweretsa loleyo pa sadaka ya masiku makumi anayi. Kunatsala masiku asanu ndi anayi. Fumbi ndi dzimbiri lija analiika dala, kunangotsala kulimata ndi guluu.

"Tingowapatsa koyera chonchi," ndinatero chapansipansi. "Mphatso imakhala yoyera."

"Lole yoyera ndi imene sinatulukepo pa geti. Mnzanga sanali wotero." Anatambasula manja, onse awiri akugwedezeka. "Awa anaichita ntchitoyi mwezi watha, lero akukana. Watsuka ndiwe, udetsanso ndiwe."

Tinayamba m'mawa mwake. Sindinkadziwa kuti kudetsa chinthu kuli ndi dongosolo. Choyamba tinapha kunyezimira. Penti inali yotsala kwa opanga mabwato, yobiriwira yosakaniza ndi yakuda pang'ono, ndipo amalume anandiuza kuthiramo phulusa losefa pa kansalu. Itauma, kalole kanasiya kuwala ngati mbale yatsopano. Kenako tinasungunula penti yakuda ndi palafini mpaka inapyapyala ngati tiyi wosalowerera. Ndikangokhudza nsonga ya burashi pa mzere wa chitseko, inkayenda yokha kutsata mzerewo. Ndinapukuta yotsala, ndipo zitseko zinaoneka ngati zingatseguke.

Dzimbiri ankapanga okha poviika misomali m'madzi a mchere ndi mandimu, n'kuumitsa zotsalira zake pa dzuwa. Pofuna kuonetsa pamene penti yasupuka, ankagwiritsa kachidutswa ka siponji ya matiresi. Pomwe chitsulo chatha ndi kukhudzidwa, ankakhula ndi pensulo. Panalinso njira ya burashi youma: kuiviika mu penti yowalirapo, kuipukuta pa nyuzipepala mpaka osalembanso kanthu, ndiye kuiyendetsa m'ngodya. Poyamba suona chosintha. Ukabwerera m'mbuyo mapazi awiri, umapeza mabawuti onse atulukira.

Zonsezi ankanena atakhala pa mpando, manja atawapanira pakati pa mawondo. Maso awo okha ndiwo sananjenjemere. Ankatha kuona kadontho kochepa ngati njere ya mawere n'kunena kuti, "Apo mvula sifika. Chotsa."

Tsiku lachisanu anapita kumaliro ku tchalitchi, ndipo ine ndinafuna kuwadabwitsa. Ndinasefa dothi la kuseri kwa nyumba n'kuwaza kalole konse mofanana, pamwamba, m'mbali ndi kutsogolo. Atabwera anakazungulira kamodzi.

"Iyi ndi lole kapena usipa woviika mu ufa?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndiponso dothi ili ndi la kunyanja kuno, lotuwa. Kumene tinkayenda ife kunali katondo. Matope ali ndi njira yake, mwana iwe. Mawa upite kumsewu waukulu, usatenge burashi, utenge maso."

Ine ndimaopa kuima pagulu, koma ndinapita. Ndinakhala pafupi ndi amayi ogulitsa chinangwa, kuyang'ana malole a shuga ochokera ku Dwangwa ndi maminibasi. Ndinaona kuti matope amaponyedwa kumbuyo kwa tayala, okhuthala pansi, ochepa m'mwamba. Fumbi likanyowa ndi mvula limatsika m'mizere. Pansi pa chotsekera thanki pamakhala chikuda cha dizilo, ndipo pa galasi lakutsogolo pamatsala mauta awiri oyera pomwe papita zopukutira. Kondakitala wina anandikuwira kuti, "Achemwali, mukufuna kugula kapena kukwera?" Anthu anaseka, ine ndinathawa, koma zimene ndinapitira ndinali nditaziona.

Katondo tinapempha kwa woumba njerwa wa kumtunda. Ndinachotsa ufa wanga uja ndi burashi yofewa n'kuyambanso. Matope ndinathimbiriza pokwatula mswachi ndi chala chachikulu, kuchokera kumene tayala lingaponyere. Pa galasi ndinamatapo timapepala tiwiri todula ngati uta, ndinawaza fumbi, kenako ndinatimatula. Amalume anayang'ana, ndipo anapita okha kukatereka madzi a tiyi. Kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira.

Chotsiriza anandipatsa pensulo. "Chitseko cha dalaivala, m'mphepete mwa zenera. Khula mpaka chiwale."

"Bwanji pamenepo pokha?"

"Khula basi."

Ndinakhula. Kenako tinawaza guluu wa mapulanga wosungunula ndi madzi kuti fumbi ligwire.

Pa tsiku la sadaka tinakwera kabaza awiri kuchokera pamsewu, ine nditafungatira katoni ya kalole kaja pamiyendo. Mapemphero atatha ndipo anthu atadya mpunga, amalume anaitanidwa kukhonde kumene kunali mayi wamasiye ndi amayi ena. Anandikodola kuti ndipereke ndine. Ndinagwada n'kutsegula katoni.

Mayiwo anakanyamula ndi manja awiri. "Mwayenda nako m'fumbi, alamu," anatero, n'kukoka nsonga ya mpango wawo kuti apukute.

"Mayi, musapukute." Mawu ananditulukira ndisanaganize, ndipo amayi onse anandicheukira. Komabe ndinapitiriza. "Pepani. Fumbilo ndi lake. Ndi la kumene ankayenda."

Anasiya mpango. Anakatembenuza pang'onopang'ono, kuyang'ana matayala, thanki ndi galasi, mpaka anafika pa chitseko cha dalaivala. Anaika chala pamalo powala paja.

"Apa m'pomwe ankatsamiritsa mkono," anatero. "Malaya ake onse a ntchito ankatha pa chigongono chakumanja. Ndinasoka zigamba mpaka kutopa. Ndikamufunsa ankangoti nsalu za boma n'zosalimba." Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Kani chinali chitseko."

Amalume anatsokomola. "Ndinkamuuza, mlamu. Sankamva."

"Wapaka ndani? Si manja anu awa."

"Ndi mbumba yangayi. Imayamba ndi kutsuka, koma ikadetsa imadetsa bwino."

Mayiwo anatuma mdzukulu wawo kukachotsa mbale zagalasi pa shelefu yapamwamba, ndipo anakaikapo okha kaloleko. Kenako anachenjeza ana onse a pakhomopo kuti wokakhudza ndi madzi adzaona.

Pobwerera amalume anapisa m'thumba n'kundipatsa kiyi wa kabati yapabalaza. Anati muli kasinja wina amene wakhala woyera kuyambira chaka chatha, ndipo akuchititsa manyazi anzake.