Lamba wa Mayi Wosita

Pamalo ochapira zovala onse ankangomuitana kuti Achisimbi, poti anakhala zaka zisanu ali chilili patebulo limodzimodzilo, kusita malaya a anthu osawadziwa. Sankalankhula zambiri. Kolala akaigwira iye inkaima ngati yatsopano.

Atatenga pakati anagwidwa ndi mantha. Abwana ake anali atachotsa kale mayi wina, ati wapakati amachedwetsa ntchito. Ndiye m'mawa uliwonse akafika ankalowa kaye m'bafa, n'kumanga mimba ndi lamba wansalu, epuloni pamwamba. Anatero mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi. Ngakhale mwamuna wake, dalaivala wa lole, sankadziwa.

Mwana anabadwira kuchipatala, wamkazi, wolira mwamphamvu. Koma pamwamba pa kakolo panali mzere wolowa m'kati, wozungulira mwendo wonse ngati wina wamangapo ulusi, kaphazi katatupa. Achisimbi atangouona anauzindikira. Mzere wotere lamba uja ankamusiyira pamimba tsiku ndi tsiku.

Masiku awiri chakudya chinamukana. Pomusintha mwana thewera ankayang'ana kumbali.

"Idyani, mayi," apongozi ake anatero. "Mwanayu ayamwa chiyani, mphepo?"

Tsiku lachitatu adokotala anafika pabedi, mwamuna wake ali pomwepo. Anadina kaphaziko pang'ono, n'kufunsa mmene mimba inayendera. Achisimbi anayang'ana mwamuna wake. Akanena, bambowa amuona bwanji? Akabisa, nanga adokotala akalakwitsa chithandizo?

"Ndinkamanga mimba ndi lamba, kuopa kuchotsedwa ntchito," anatero. "Ndine ndamulemaza, eti?"

"Ayi, mayi. Lamba wakunja safika kumeneko. Thumba limene mwana amakhalamo nthawi zina limang'ambika m'kati, tizingwe take n'kukulunga chala kapena mwendo. Si inu. Chikundidetsa nkhawa ndi kutupaku. Mawa timuchita opaleshoni, timasule apa kuti magazi aziyenda."

"Phazilo lipulumuka?"

"Tiyesetsa. Mawa ndikuuzani zenizeni."

Adokotala atatuluka, mwamunayo anatembenukira kwa mkazi wake, akupotokola chipewa m'manja.

"Miyezi yonseyo, mayi a mwana, unkapuma bwanji ndi lambayo?"

Misozi ya Achisimbi inangotsika. Mwamunayo anakoka mpando kufupi ndi bedi, n'kuuza amayi ake kuti apite kunyumba okha, lole iime kaye. Anakhala awiriwo, maso pa tizala ta kaphaziko, kudikira kuti tigwedezeke.