Girizi pa Nyonga ya Amuna Anga

Linali Lachinayi m'mawa, belu la ku mishoni litangolira kuitana ana a sukulu, pamene amuna anga anagwa padenga akufolera nyumba yathu ku Malindi. Fupa la m'nyonga linathyoka. Anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, ine n'kutsatira pa basi, khadi la chipani, lomwe ankafunsa pokwera basi masiku amenewo, nditalimanga kunsonga ya chitenje. Kumeneko anawaika chitsulo m'malo mwa fupa lothyokalo.

Iwo anali msodzi, ndipo anali ataona mbedza ndi misomali ya boti zikudyeka ndi dzimbiri. Choncho titabwerera kunyumba anaika malamulo: mchere m'ndiwo ayi, kulowa m'nyanja ayi. Posamba ankalambalala nyongayo. M'mawa uliwonse ankapaka girizi wa njinga pachipsera.

"Abambo, zofunda zatha kuda," ndinkadandaula.

"Amayi, mukufuna ndiume ngati loko wakale?"

Tinkaseka, koma khoka linali kuwola pakhonde, ana akudyera masamba nyanja ili pakhomo. Ndinkaopa kuti munthuyu sadzapalasanso bwato.

Tsiku lokaonedwanso kuchipatala ndinapita nawo. Adokotala atagwira pachipsera, zala zawo zinada bii. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anatiuza kuti chitsulocho n'chosakaniza mitundu ingapo kuti chisachite dzimbiri msanga, pakuti m'thupi mwa munthu muli kale madzi amchere. Madzi a m'nyanja safikako, girizinso safikako. Chimene chimachitha ndi kukhulana poyenda, pang'onopang'ono, monga munsi umadyera mtondo. Anangowaletsa kudumpha ndi kukoka zolemera.

"Ndiye kuti ndikuyenda ndi mtondo m'thupi?" anafunsa amuna anga.

"Eya, bambo. Muzisinja mofatsa."

Sabata yomweyo analowa m'madzi mpaka m'chiuno, anzawo pagombe akuwaseka kuti achite changu asanafiire ndi dzimbiri. Khoka analisiyira achimwene awo, iwo n'kumawedza ndi mbedza. Nsomba inabwerera m'mbale.

Patapita zaka nyongayo inayamba kugwedera n'kumapweteka. Ankatsimphina, n'kumati, "Mtondo wayamba kubowoka, amayi, koma wasinja zambiri." Chinawatenga si chitsulocho ayi, chinali chifuwa.

Girizi anasiya tsiku lomwelo la adokotala, koma mchere sanaukhulupirirenso mpaka imfa, ndipo lilime langa linazolowera. Mpaka lero ndimaphika ndiwo zopanda mchere, n'kuika mcherewo m'kambale pambali, alendo azidzithirira okha.