Kamunthu Kosawoloka Mtsinje

Titabwerako ku Zambia nkhondo itatha, ndinaphunzira kuumba njerwa ndi kumanga, poti aliyense ku Fíngoè ankafuna khoma. Mlongo wanga wamkulu ankakhala kwa ine. Mwamuna wake anasowa tsiku lomwe tinkathawa. Tinali titawoloka kale mtsinje pamene iye anabwerera kukamasula mbuzi, ndipo sitinamuonenso. Achibale a mwamunayo akayambitsa nkhani ya maliro, mlongo wanga ankangoti munthu amene mtembo wake sunaoneke saliridwa.

Patapita zaka, okumba golide atachuluka, kunabwera bambo wina wa ku Tete wogula golideyo. Anandilemba ntchito yowonjezera chipinda kuseri kwa loja, sitolo yake, ndipo tonse tinkamutcha patrau, ndiye kuti bwana. Dzuwa likafika paliwombo ankaliza jeradori, kuyatsa komputadori, n'kuyamba jogo yake, masewero a pakomputadoripo. Ife amisiri tinkadya chiimire pakhomo, maso ali pagalasi la komputadoriyo.

Jogoyo inali yomanga mudzi. Tianthu ting'onoting'ono tinkadula mitengo, kulima, kuzika nyumba. Dziko lonse linali lakuda bii, kupatula pomwe wina wapondapo. Zimenezo zinkandidetsa nkhawa, chifukwa nafenso titangobwera tinkayenda choncho, phazi pomwe laponda la mnzako, kuopa mabomba okwirira.

Tsiku lina mlongo wanga anandibweretsera chinangwa chophika. Pagalasipo adani anali atangotentha mudzi wa kutsidya, patrau ali kalikiliki kumanga kwina. Koma chakumbali, m'mphepete mwa mtsinje, panali kamunthu kamodzi kosenza nkhuni. Kankapita kumadzi, kuima, kutembenuka, kubwerera pang'ono, n'kupitanso kumadzi.

"Uyo akutani?" anafunsa mlongo wanga, mbale idakali m'manja.

Patrau anaseka. "Wasokonezeka ameneyo, mayi. Ndinamutuma kukatula nkhuni kunyumba ya kutsidya. Nyumbayo yapsa, mlatho wagwa, koma motori sinamuuze."

"Motori yakenso iti?"

Anafotokoza kuti si ya galimoto ayi. Ndi malamulo obisika mkati mwa jogo, olembedwa ndi anthu a kampani ina yakutali. Ndiwo amauza kamunthu kalikonse poponda, nthawi yothawa ndi nthawi yogwa. Zovala ndi nyumba n'zongopaka pamwamba.

"Ndiye muuzenitu kuti nyumbayo kulibe."

"Palibe pomuuzira zimenezo. Chomwe ndingathe n'kumutuma kwina basi."

Anadina, ndipo kamunthu kaja kanatembenuka n'kukadula mitengo ndi anzake. Mlongo wanga anaika mbale pansi, ulendo.

M'mawa mwake anabweranso, ngakhale kamba ndinali nditanyamula ndekha. Patrau atangoyatsa, kamunthu kaja kanali pamtsinje pomwe paja, nkhuni zili kumutu. Patrau anati jeradori inazima dzulo asanasunge masewero, choncho motori yabwezera zonse mmene zinalili. Makutu anga anamva, koma thupi linakana. Mlongo wanga anakhala pa mulu wa njerwa n'kuyang'anitsitsa mpaka mafuta anatha.

Kuyambira apo sankajomba. Sankapempha kanthu, ankangokhala. Patrau zinamusowetsa mtendere, mpaka anandikokera pambali.

"Amisiri, mlongo wanuyu ali bwinobwino?"

Ndinamuuza za mtsinje ndi mbuzi zija. Anangogwira pakamwa.

Tsiku lotsatira anaika jogo ina ya kampani yomweyo, poganiza kuti mayiyo aiwala. Iyi inali ya dziko lozizira, loyera mbee, la asilikali ovala zikhoto zazitali. Kunalibe udzu, kunalibe nkhuni. Tinaonerera nkhondo yawo kwa kanthawi, mitima itakhala pansi. Kenako mlatho unaphulitsidwa, msilikali mmodzi n'kutsala tsidya lino. Anapita kumadzi, anaima, anatembenuka, anabwerera pang'ono. Kayendedwe komwe kaja, ngakhale kupendeketsa phewa komwe kuja.

Patrau anachotsa manja patebulo.

"Motori ndi imodzi," anatero chapansipansi, ngati wopepesa. "Amangosintha zovala."

Panja nkhuku zinkapalasa mumchenga wanga womangira. Mlongo wanga anasendera pafupi mpaka mpweya wake unachita nkhungu pagalasi.

"Wafika kutali chonchi," anatero, "koma sanawolokebe."

Anadzuka, anamanga bwino kapulana wake m'chiuno, n'kundiyang'ana.

"Iwe, mawa ulawirire ku Chipera. Ukaitane alamu anga."

Ndinapalasa njinga tsiku lonse m'fumbi. Anabwera akulu ake a mwamuna uja pamodzi ndi azakhali awo. Tinakumba manda kumudzi wathu wakale, tinakulunga thunthu la nthochi mumphasa, n'kuliika m'malo mwa munthu. Mlongo wanga analira mpaka mawu anasasa, ndipo masiku ake atakwana anamumeta.

Patrau anabwera pamaliropo ndi thumba la ufa pa mota, njinga yake yamoto, n'kukhala pakati pa amuna. Nditabwerera kukamaliza chipinda chake, ndinapeza komputadori ija ili pakona, ataivindikira ndi chiguduli.