Hita ya a Des Quilty

Kuno ku Ballarat mwezi wa Juni ukafika, munthu akakupatsa moni mawu amagwa pansi ataundana, umachita kuwatola n'kukawamvera kunyumba utawaika pamoto. Nyengo imeneyi Noelene Trethowan amadya choimirira. Ntchito yake ndi yoyendera mahita a gasi m'nyumba za anthu: kutsegula, kupukuta fumbi, kuona mtundu wa lawi, ndi kuyeza ngati hita sikulavulira m'nyumba mpweya wakupha uja umene umayenera kutulukira pachumuni. Wagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zitatu. Anthu amati mphuno yake imamva gasi akudontha kutali, ku tauni ya Geelong, iye ali m'bafa kuno. Mwiniwake amakana, amati wakuphayo alibe fungo, ngakhale galu samumva.

Hita imodzi yokha m'tauni muno anali asanaikhudzepo, ya a Des Quilty, amene anamuphunzitsa ntchito ali kamtsikana kosadziwa mbali imene sipanala imalumira. A Des anapuma ntchito kalekale, koma hita yawo ankaikonza okha, ndipo ankailondera kuposa mmene ankalonderera ana awo aakazi.

Lachiwiri lina akazi awo, a Val, anaimba foni monong'ona. Mutu unkawawawa masana aliwonse akaphika. Lamulungu lapitalo onse awiri anagona pamipando nyama ili mu uvuni, mpaka neba anachita kumenya zenera ndi tsache. Adokotala anafunsa kuti hita inayezedwa liti, koma a Des anayankha kuti adokotala aziyeza anthu.

Noelene anafika chakumasana, napeza a Des atadzaza khomo lonse.

"Wasochera, Kasipanala?" Dzinali anamupatsa ndi iwo.

"Ndabwera kudzamwa tiyi, a Des. Chikwamachi changonditsatira."

"Tiyi alipo. Hita ilibe matenda."

Polowa Noelene anapunthwa pa njoka ya nsalu, ija timaika pansi pa chitseko kutchinga mphepo. Nyumba zina zili nayo imodzi. A Val anasoka zochuluka moti wobweretsa makalata ankalowa pageti atavala nsapato zazitali. Noelene anayang'ana m'mwamba: timabowo ta mpweya ta m'khoma tonse tinali titamatidwa ndi makatoni ndi tepi, mwaukhondo, ntchito ya a Des. Kukhitchini kunali fani yatsopano yokoka utsi, mphatso ya mwana wawo, yoti ikayatsidwa mphaka amakumbatira mwendo wa tebulo. Noelene anaona zonsezi.

Anagwada n'kutsegula hita. M'kati munali mowala moti munthu akanadyeramo. Anayatsa: lawi labuluu, loima bwino. Anatulutsa mita yoyezera mpweya woipa, nayiyendetsa pamwamba ndi m'mbali. Ziro.

A Des anaseka mpaka mbale zinalira m'kabati. Anamuuza kuti alongedze, akauze adokotala aja. Ndipo kunena zoona, Noelene anafuna kulongedza. Munthuyu ndiye anamugulira chikwama choyamba cha zida, ndiye anamuperekeza kuguwa tsiku la ukwati bambo ake atamwalira. Koma a Val anali ataima pakhomo la khitchini akupotokola kansalu kopukutira mbale, maso ali ofiira.

"Kwatsala kuyeza kwachiwiri, a Des. Zitseko zotseka, mafani onse oyaka."

"Fani ndi ya khitchini. Hita ili pabalaza."

"Munandiphunzitsa ndinu."

"Ndinakuphunzitsa zoyezera nyumba za anthu, osati yanga."

Noelene anadzuka ngati sanamve. Anatseka zitseko, a Val nabwezera njoka m'malo mwake. Anayatsa fani ya kubafa, kenako ya kukhitchini, makatani onse n'kuweramira komweko. Anabwerera pahita, nayatsa kamtengo kofuka utsi, n'kukagwira pakamwa pamene hita imakumana ndi chumuni. Utsiwo umayenera kukwera. Unaima kaye ngati ukuganiza, kenako unapindika n'kubwera kumaso kwake.

Mita inachoka pa ziro. Naini. Makumi awiri. Makumi anayi. Inayamba kulira.

Anazimitsa hita, anatsegula mazenera, anagwira a Val padzanja n'kuwatulutsa pabwalo. Chotsatira chinali chodziwika kwa iye ndi a Des omwe: kutseka gasi, kumasula paipi, kupachika chikwangwani chofiira choti hita isayatsidwenso. Pobwerera anapeza a Des ataima pakati pa iye ndi mpopi wa gasi, manja atapinda.

"Ukagwira mpopi umenewu usadzapondenso pakhomo pano."

Noelene anawauza mosakweza mawu kuti hita ilibe mlandu. Nyumba ndiyo yatsekedwa ngati botolo, ndiye fani ikafuna mpweya imausowa kwina konse n'kuukoka pachumuni, pamodzi ndi zonse zimene zimayenera kutuluka. A Des anati mita zamasiku ano zimalira ngakhale munthu akangoyetsemula.

"Ndiye katengeni yanu, madala. Ikanena ziro, ndinyamuka, sindidzabweranso."

Atangonena anadziluma lilime. Mita ya a Des inali ya m'nthawi ya Nowa, ndipo ikanakhala kuti inafa ikananena ziro basi. Ndipo a Val akanagona m'nyumbamo usiku womwewo.

A Des anatenga nthawi m'shedi mwawo. Anatulukira ndi chinthu chachikulu ngati njerwa, akuchipukuta ndi juzi. Anatsekanso mazenera okha, anayatsa mafani okha, anayatsa hita okha. Anagwada mawondo akulira ngati chitseko chakale, nagwira mita pamalo pake penipeni. Noelene anaima pambuyo pawo, yake ili m'manja, akuwerenga chamumtima.

Ya a Des ndiyo inayamba kulira. Inalira mawu a mbuzi yogwidwa mwendo, ya Noelene isanatsegule n'komwe pakamwa.

A Des sanadzuke msanga. Anayang'ana pazenera, pamene a Val anaima pakapinga atavala masilipasi, akunjenjemera, kansalu kaja kadakali m'manja. Akhala nawo zaka makumi asanu ndi chimodzi. Kenako anatembenuka, nkhope ili gwa.

"Mita ikulira iwe wangoima ngati mtengo wa magetsi. Ndinakuphunzitsa choncho ine?"

"Ayi, a Des."

"Nanga ukudikira bishopu? Tseka."

Noelene anatseka mpopi, anamasula paipi n'kuitsekera, napachika chikwangwani chofiira. A Des anamasula mfundo ya chikwangwanicho n'kumanganso, ati inali yolobodoka.

Sabata imeneyo a Des ndi a Val anakagona kwa mwana wawo uja wa fani. Lachitatu a Des anakwera makwerero n'kumatula makatoni onse m'khoma. Njoka anazisiya, ati zimenezo akambirana ndi eni ake. Ku kalabu kumene amagubuduza mipira ndi madala anzawo amafotokoza kuti vutolo analipeza ndi iwo, ndi mita yawo, Kasipanala atayeza n'kupeza ziro. Noelene akamva amavomera kuti inde, poyamba anapezadi ziro. Tiyi uja sanamwebe mpaka lero.