Eulalio Ankawotcha Mapepala

Kuno kuchigwa cha Rio Grande, kum'mwera kwa Texas, mwezi wa Malichi munthu umayenda ngati waledzera. Malalanje amakhala ali m'maluwa, fungo lake n'kulowa mpaka m'makabati a zovala. M'mawa nkhungu imadzuka m'ngalande zothirira n'kumayenda pang'onopang'ono pakati pa mizere ya mitengo. Munali mu nkhungu yoteroyo mmene ndinamuonera koyamba Eulalio Barrientos, zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo. Anali atagwada kuseri kwa nyumba yathu, akulankhula ndi kamtengo ka ndimu komwe ine ndinali nditataya nako mtima. Thalauza lake linali lidakali ndi matope a mumtsinje, poti anali atangowoloka kuchokera ku Mexico dzulo lake.

"Mayi, kamtengoka sikanafe," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Kakungosowa mnzake."

Ine ndine Ofelia, ndipo amuna anga ndi a Fidencio Cantú. Tonse tinabadwira tsidya lino, makolo athunso chimodzimodzi. Ine ndimavotera chipani cha Democrat, chija chizindikiro chake ndi bulu. Iwo amavotera Republican, cha njovu. Pa chisankho chilichonse timakwera galimoto imodzi, kukafafanizirana mavoti, n'kubwerako tikudya chimanga chowotcha cha tsabola. Pakapinga pathu pamakhala zikwangwani ziwiri zofulatirana, ndipo anthu odutsa amachepetsa liwiro kuti aseke bwino.

Eulalio ntchito yake inali yomezanitsa mitengo. Ankatenga kadiso ka lalanje lotsekemera kapena ka nyumwa, n'kukalowetsa pansi pa khungwa la tsinde la lalanje lowawasa, lomwe silimva matenda. Mpeni wake unali waung'ono, wothwa koopsa, ndipo akamacheka ankagwira mpweya. Akamanga balalo ankadula kachidutswa ka chitini cha zakumwa, n'kulembapo ndi msomali tsiku, mtundu wa chipatso, ndi zilembo ziwiri za dzina lake. Kachidutswa ka malatako ankakamangirira pa nthambi ndi waya. Eni minda sankamutuma zimenezo. Ankati mtengo nawo uyenera kudziwa tsiku lake lobadwa.

Anali munthu wokhala ngati theka lake lili kwina. Pakati pa nkhani ankatha kungoti zii, maso ali pa mtambo, kenako n'kuyamba kukamba za mudzi wakwawo, m'mapiri a ku San Luis Potosí. Ankanena za mtsinje wobiriwira, za nkhunda za padenga la tchalitchi, za mayi ake akupeta nyemba. Koma chitseko cha tchalitchicho chaka china chinkakhala chobiriwira, chaka china chofiira. Ndikamukumbutsa ankaseka, n'kunena kuti mwina anachipakanso utoto iye atachoka. Zinkandimvetsa chisoni, chifukwa ndinkaona kuti mudziwo ukusungunuka m'mutu mwake ndipo alibe njira yokauonera. Munthu wopanda mapepala akawoloka mlatho kupita uko, sabwereranso.

Anakwatira Casilda, naye wa tsidya lija, n'kubereka mwana wamkazi, Nereida. A Fidencio ndi ine ndi amene tinamuimira mwanayo pa ubatizo, ndipo kuyambira tsiku limenelo amuna awiriwa ankangotchulana kuti kompadre, monga amachitira bambo wa mwana ndi womuimira. Casilda anamwalira Nereida ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo anali ndi matenda a shuga chibadwire, ndipo Eulalio ankamubaya jakisoni ndi dzanja lomwe lija losanjenjemera.

Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa tinkadyera limodzi pakhonde pathu nyama ya mutu wa ng'ombe, yokulunga m'matotiya otentha, timikate topyapyala ta chimanga. Ndale zinkayamba khofi asanazizire.

"Jaji mmodzi, wosasankhidwa ndi munthu aliyense, n'kuimitsa lamulo la dziko lonse!" ankatero a Fidencio, akumenya tebulo. "Ndiye ife tinavoteranji?"

"Mukulira lero poti aimitsa lamulo la chipani chanu," ndinkayankha. "Muja ankaimitsa lathu munkawaombera m'manja mpaka zikhatho kutupa."

"Amene aja anali majaji enieni."

"Eya, madala. Enieni ndi amene akugwirizana ndi inu. Pukutani mafuta pa ndevupo."

"Dziko lopanda chitseko si dziko, Ofelia! Ngakhale khola la nkhuku limatsekedwa."

Akatero ankakumbukira amene wakhala pambali pawo, n'kutsitsa mawu. "Sindikunena inu, kompadre. Ndikunena awa akukhamukira kuno masiku anowa."

Eulalio ankangomwetulira, n'kukweza mphuno m'mwamba. "Mphepo yatembenuka, kompadre. Mawa kugwa mame ambiri."

Chimene tonse tinkachidziwa koma osachiganizira chinali mgolo wa kuseri kwa nyumba yake. Munthu wina amene anawoloka naye mtsinje anamuuza kuti kuno chimagwiritsa munthu ndi pepala. Eulalio anawasunga mawuwo ngati lamulo la Mulungu. Loweruka lililonse masana ankasonkhanitsa pepala lililonse lokhala ndi dzina lake, la kuchipatala, la kusukulu ya mwana, la eni nyumba, n'kuliwotcha mumgolomo. Ankaima pambali n'kumaonerera phulusa likuuluka kupita ku minda. Si iye yekha, ambiri a msinkhu wake ankachita zomwezo. Ine ndinkanunkhiza utsiwo ndikuyanika zovala, osanena kanthu.

Eulalio anagwidwa pamene Nereida anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Nyali yakumbuyo ya galimoto yake inali itafa, wapolisi anamuimitsa, n'kuitana a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Anamutulutsa patapita milungu itatu kuti azidikira tsiku la kukhoti ali kunyumba.

Loya amene tinapeza anali mayi wolankhula mosazungulira. Anati mpata woti Eulalio atsale kuno ulipo, koma pafunika zinthu ziwiri. Choyamba, umboni woti wakhala m'dziko muno zaka khumi osatulukamo. Chachiwiri, mwana amene ndi nzika, wosakwana zaka makumi awiri ndi chimodzi, amene angavutike kwambiri bambo ake atachotsedwa. Chachiwiricho chinalipo. Kenako loyayo anatambasula dzanja kuti alandire mapepala.

Eulalio anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana ine.

"Palibe ngakhale limodzi, bambo?" anafunsa loyayo. "Zaka zonsezi?"

"Ndinkasamala kwambiri, mayi," anatero Eulalio, ndipo ananena monyadira.

Panatsala njira ya mboni. Eni minda anakana onse, poopa kufunsidwa chifukwa chake ankalemba ntchito munthu wopanda chilolezo. Ine ndinavomera, koma loya anati pafunikanso wina amene ankamuona ku ntchito chaka ndi chaka. Munthuyo anali a Fidencio, amene ankayendetsa thirakitala m'minda yomweyo.

A Fidencio anakana. Ndikulemba izi iwo ali m'chipinda chinacho, ndipo akudziwa kuti ndikulemba.

"Ine ndikaime pamaso pa majaji amene ndimawatukwana tsiku ndi tsiku? Ndikawapemphe kuti apinde lamulo? Anzanga a kuchipani adzandiona bwanji?"

"Palibe akukupemphani kupinda kanthu. Mukanene zimene munaona ndi maso anuwo."

"Kompadre sangamuchotse, Ofelia. Akufuna zigawenga, osati munthu womezanitsa mandimu. Ukungotenthedwa mutu ndi wailesi yako ija."

Ndinakwiya kwambiri moti kwa mwezi wathunthu ndinkawaphikira osawalankhula. Tsiku la kukhoti litafika loya analibe chogwira m'manja, choncho anapempha nthawi yoti asonkhanitse umboni. Khoti linavomera. Koma milandu inali itaunjikana, ndipo tsiku latsopano linakagwera patsogolo zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Loyayo anawerenga pa zala n'kunena kuti tidzapulumukira pakamphindi, Nereida adzakhala asanakwanitse zaka zija. Kenako tsikulo linasunthidwanso ndi miyezi isanu, ndipo kalata imene loya analemba yopempha kuti afulumizeko sinaphule kanthu.

Sindidziwa chimene chinawatembenuza a Fidencio. Eulalio sanawapemphe ngakhale kamodzi. Ankabwerabe Lamulungu lililonse, kudya, n'kumanena za mame. Mwina kusapemphako ndi kumene kunawadya mumtima. Tsiku lina m'mawa ndinadzuka n'kupeza kulibe, ndipo nditasuzumira pazenera ndinawaona patali m'munda wa manyumwa, nkhungu ili m'chiuno, akulowa pansi pa mtengo uliwonse ndi pulayala m'manja. Anayenda milungu isanu ndi umodzi, munda ndi munda, kujambula kachidutswa ka malata kali pa nthambi kenako n'kukadula. Timalata tina tinali titamezedwa ndi khungwa. Madzulo ankatitsuka ndi mswachi wakale n'kutindandalika pa tebulo motsatira zaka. Panalibe chaka chimene chinasowa.

Kukhoti anavala suti ya pa ukwati wathu, yomwe sinkatsekekanso pamimba. Anaika chitini cha mabisiketi patsogolo pa jaji n'kuchitsekula. Jajiyo anali mayi wa imvi, wooneka wotopa. Anatola timalatato kamodzikamodzi, kukakweza ku kuwala, n'kumawerenga masikuwo chapansipansi. M'chipindamo munkangomveka kulira kwa timalata tikamagundana. Eulalio ankatsatira ndi milomo, ndipo ndikhulupirira ankauona mtengo uliwonse.

"Bambo Cantú, munkadziwa kuti munthuyu alibe chilolezo?" anafunsa loya wa boma.

"Ndinkadziwa, bwana. Kuyambira tsiku loyamba. Ine ndimavotera malamulo okhwima, ndipo sindibisa. Koma uyu ndi kompadre wanga."

Jajiyo anavula magalasi. Anati akukhulupirira zonse, ndipo pa ntchito yake sanaonepo umboni wotere. Kenako anafunsa tsiku lobadwa la Nereida, ngakhale linali pa pepala patsogolo pake. Mwanayo anali atapitirira zaka zija ndi milungu isanu ndi iwiri. Jajiyo anati lamulo silimupatsa mphamvu yochitira mwina, ndipo chimene angathe n'kumulola Eulalio kuti atuluke yekha pasanathe masiku makumi asanu ndi limodzi.

"Koma ndinu jaji!" anakuwa a Fidencio ataimirira. "Anzanu amaimitsa dziko lonse, inu mukulephera kuimitsa munthu mmodzi?"

Ndinawakoka jekete kuti akhale pansi. Ndinali ndi mawu ambiri oti ndiwabwezere, mawu amene ndinawasunga zaka zitatu, koma nditaona nkhope yawo ndinawameza.

Musandifunse ngati anasintha chipani. Chikwangwani chawo chidakalipo, changanso chilipo. Nereida amakhala ndi ife, ndipo walemba zoitanitsa bambo ake, koma akuti ayenera kudikira kunja zaka khumi. Eulalio adzakhala ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu.

Tinamuperekeza Lachiwiri m'mawa, kudzera pa mlatho wopita ku Reynosa, mzinda wa tsidya la Mexico. Kwawo kumapiri kunalibenso wake wamoyo, ndiye anasankha kukhala pafupi ndi mtsinje, poti mwana azitha kumuyendera. Nereida anatsanzikana naye kunyumba, anati mlathowo sangauthe. Pakati pa mlatho Eulalio anapempha kuti tichepetse liwiro. Anayang'ana madziwo nthawi yaitali, n'kunena kuti ankawakumbukira otambalala kuposa pamenepo.

Tsidya linalo ndi kumene mtima wanga unasweka. A Fidencio amapitako mwezi ndi mwezi kukagula mankhwala ndi kukonzetsa mano, choncho amadziwa ngodya iliyonse. Wogulitsa madzi a zipatso anawakuwira ndi dzina, wometa anawabayibitsa pazenera. Eulalio ankawatsata pambuyo atanyamula chikwama, akudzidzimuka ndi hutala iliyonse.

"Basi ya kumsika mumakwerera apa, kompadre. Iyo yachikasuyo musakwere, imazungulira. Madzi a pampopi musamwe. Mukumva?"

"Ndikumva, kompadre."

Mayi wa nyumba imene tinamupezera chipinda anamuyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato, n'kumufunsa ngati chakudya cha kuno adzachizolowere. Tinamusiya ataima pakhomo, manja ali m'thumba, akuyang'ana msewu umene sankadziwa dzina lake.

Pobwerera a Fidencio sanayatse wailesi. Titafika pa zenera la tsidya lathu, ofesala wachinyamata anatenga ziphaso zathu n'kufunsa chimene tinakachita ku Mexico. Ndinawerama n'kuyankha ndine.

"Tinakaperekeza mnzathu kwawo."

"Bodza limenelo, Ofelia," anatero a Fidencio, misozi ikutsikira m'ndevu. "Usaname pamaso pa boma. Kwawo n'kuno. Ndachedwa ndine."

Ofesalayo anatiyang'ana pang'ono, n'kutibwezera ziphaso zathu. Anakweza chotchinga, ndipo galimoto ya kumbuyo kwathu inayamba kuliza hutala kuti tisunthe.