Pedulo ya Amalume Lazarus

Amalume anga a Lazarus Miti amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika wa Kapata. Akhala pamalo amenewo zaka zoposa makumi atatu, moti anthu akamalozerana njira amangoti, “Ukafika pa a Miti ukhotere kumanja.” A m'tauni amawadziwa ndi sipanala ndi pampu. Ife a kutchalitchi timawadziwa ndi gitala yamagetsi yofiira, yomwe penti yake inasupuka pamene pamatsamira mkono.

Anabadwira ku Chiparamba. Amayi anga, omwe ndi mlongo wawo wamng'ono, amati gitala yoyamba ya amalume inali ya chigubu cha mafuta ophikira, ndipo nsambo zake zinali mawaya a mabuleki a njinga ya agogo aamuna. Agogowo anadziwa za gitalayo atakalowa ndi njinga m'munda wa thonje wa eniake pamalo otsetsereka. Chilango chinali choti mwanayo akonze yekha mabulekiwo. Amayi amati ntchito ziwiri zonsezi amalume anaziphunzira sabata imodzi.

Atabwera ku Chipata anakumana ndi a Edmund Daka, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Down Shops, nawonso oimba gitala. Kuyambira pamenepo ankaimba limodzi, m'tchalitchi ndi m'maukwati. Maimbidwe awo anali akuti amalume ankaimba kachidutswa kakafupi n'kusiya, a Daka n'kuyankha pa mpata wotsalawo. Ndili mwana ndinkaganiza kuti magitalawo akukangana. Anapeka okha nyimbo yolowetsera mkwatibwi, ndipo ine ndemwe ndinalowa nayo m'tchalitchi tsiku la ukwati wanga ndi atate ake a mwana wanga Chipo.

Chaka chatha, nyengo yozizira, a Daka anagwa ali pa makina awo osokera. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anapezako bwino, amayenda ndi ndodo, amalankhula ngakhale mawu amatuluka mochedwa, koma dzanja lamanzere, logwira nsambo, linafa. Anauza akazi awo kuti gitala aiike pamwamba pa wadirobu. Kutchalitchi anayamba kukhala benchi yomalizira, pafupi ndi khomo, ndipo Masande ena sankabwera n'komwe.

Mwana wawo wotsiriza, Peggy, yemwe timaimba naye kwaya ya azimayi, anali ndi ukwati mwezi wa September chaka chino. Azikulu ake atatu onse analowa ndi nyimbo ija, ndipo atate ake anamulonjeza ali wamng'ono kuti nayenso adzalowa nayo. Koma nyimboyo ndi ya magitala awiri. Amalume anayesa kuiimba okha, pa mipata ya a Daka pankangoti zii, ngati munthu wapereka moni m'nyumba yopanda anthu. Anayesa ndi woimba kiyibodi wathu, iye ankadzaza paliponse mpaka nyimbo yosadziwikanso.

Nkhaniyi inamufika Gideon, mwana wa amalume yemwe amagwira ntchito mu situdiyo yojambula nyimbo ku Lusaka. Anatumiza kaphukusi pa basi, ndipo ndinakatenga ndine chifukwa amalume sasiya malo awo masana. Munali kabokosi kachitsulo kobiriwira, kakang'ono ngati theka la buledi koma kolemera, kokhala ndi timitu topotokola tambiri ndi mabatani awiri aakulu opondera phazi.

“Atate, imeneyo ndi pedulo ya dileyi,” anatero Gideon pafoni. “Mukaimba, imasunga mawuwo n'kuwabweza pambuyo, ngati munthu akakuwa pa phiri la Kanjala. Imeneyo ndiyo gitala yanu yachiwiri.”

Amalume anafunsa mtengo wake. Atauzidwa anandiyang'ana. “Amake Chipo, mwamva? Njinga zisanu zatsopano zili m'kabokosi aka, popanda ngakhale tayala limodzi.”

Lachinayi lililonse madzulo ndinkachoka kwathu ku Nabvutika, Chipo ali kumbuyo, kukawathandiza kuphunzira. Ine ndinkaimba mbali ya azimayi. Tsiku loyamba anapotokola timitu tonse mpaka pomalizira, ataliza nsambo imodzi m'nyumba monse munamveka ngati achule a m'dambo mvula yoyamba itagwa. Pang'onopang'ono anamvetsa timitu titatu: kena kamanena nthawi yomwe pedulo idikire isanayankhe, kena kangati ibwereze, kena kukweza kwa mawu obwerawo. Totsalato anamata ndi tepi yakuda kuti dzanja lisamasochere. Anasiya kuti izibwereza kamodzi kokha.

Mwa mabatani aja, lakumanzere n'loyatsira ndi kuzimitsira. Lakumanja n'louzira pedulo liwiro la nyimbo. Umaliponda katatu kapena kanayi motsatira nyimbo, ndipo kanyali kofiira kamayamba kuphethira mwa liwiro lomwelo. Amalume ankaliponda nyimbo isanayambe, basi n'kuima nji n'kumaimba. M'nyumba zinkamveka bwino kwambiri. Mawu obwerawo anali ofewa, oyera, moti Chipo ankagona nawo tulo.

“Si a Daka amenewo?” ndinawafunsa tsiku lina.

“Ayi,” anatero. “Aka kamangovomereza zilizonse zomwe ndanena. Edmund ankanditsutsa. Koma mpata katseka, n'zomwe tikufuna.”

Kutatsala masabata awiri kuti ukwati uchitike, anaiyesa m'tchalitchi Lamulungu, pa nyimbo ya chopereka. A Daka tsiku limenelo sanabwere. Apa ndiyenera kunena chilungamo za ife azimayi. Nyimbo timaiyamba mofatsa, koma ng'oma ikalowa, wina n'kuimba nthungululu, timayamba kuthamanga. Palibe amapangana, zimangochitika. A Daka ankatimva n'kumathamanga nafe, amalume n'kumatsatira. Pedulo sinkatimva. Inapitiriza kuyankha mwa liwiro loyamba lija, mayankho ake n'kumagwera pamwamba pa mawu atsopano, zonse n'kupiringizana ngati ulusi wa m'thumba.

Amalume anayesa kuponda batani ali mkati moimba. Koma munthu amene waimba zaka makumi anayi mapazi ali phee, phazi likangosuntha zala zimasokonezeka. Anaponda osachotsa phazi msanga, ndipo batani limenelo ukalipanikiza nthawi yaitali limagwira mawu n'kumawazunguza osaleka. Kachidutswa kamodzi kanazungulira tchalitchi chonse mpaka abusa anatukula mutu pa Baibulo. Amalume anachita kuzula waya.

Titatuluka, a Juliet, otsogolera kwaya yathu, anawapeza amalume akumanga ampu, bokosi lokuzira mawu a gitala, pa njinga. Sanakalipe. “A Miti, timakulemekezani. Koma pa ukwati wa mwana, kabokosi kanu katsale kunyumba. Mkwatibwi alowa ndi kiyibodi.”

Amalume anavomera. Anandiuza kuti ndiibwezere pedulo m'katoni mwake, ipite kwa mwini wake ku Lusaka.

Peggy sanadandaule pagulu. Anangobwera kwathu Lolemba, n'kukhala pa mpando nthawi yaitali akusewera ndi zala za Chipo. Pochoka anati, “Uwapemphe amalume ako, asanaibweze adzaimbeko kamodzi kunyumba. Atate sanaimve nyimbo ija chiyambire kudwala. Ngakhale ilire m'nyumba mokha.”

Lachinayi amalume anatseka msanga, tinapita. Amalume anamanga ampu pa kaliyala ndi mphira, gitala kumsana, ine pedulo m'chikwama. Tinawapeza a Daka pabalaza, dzanja lodwala lili pa ntchafu.

“Mwachoma bwanji, a Daka?”

“Tachoma, a Miti. Ndamva mwapeza wondilowa m'malo.”

“Eya. Ndipo ameneyu sachedwa pa pulakatisi.”

“Koma ndamvanso kuti anakuchititsani manyazi pamaso pa abusa.”

“Inu munandichititsa manyazi kangati?”

A Daka anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Amalume analumikiza mawaya, naponda batani kanayi, n'kutiuza ine ndi Peggy kuti tiimbe monga timaimbira m'tchalitchi, tisanamizire kufatsa. Vesi yoyamba inayenda bwino. A Daka anatsinzina. Pa vesi yachiwiri Peggy anayamba kuwomba m'manja, tinathamanga, ndipo zonse zinapiringizana monga Lamulungu lija. Amalume anagwira nsambo ndi chikhatho, nyimbo n'kutha.

M'nyumba munatsala kaphokoso kamodzi. Phazi lamanja la a Daka, patapata atavuka, linali likumenyabe simenti mwa liwiro lathu lija.

“Kabokosi kanu n'kogontha,” anatero.

“Ndikudziwa.”

“Nanga kamamva chiyani?”

“Phazi basi. Ukaponda apa motsatira nyimbo, kamasintha. Koma langali likaponda, zala zimaima.”

“Phazi lanu linali lopusa kuyambira kale, a Miti. N'chifukwa chake simuvina.” Anayang'ana pedulo ija nthawi yaitali. “Kasendezeni kuno.”

Waya unali waufupi, choncho Peggy anakoka mpando wa atate ake kuuyandikizitsa. Ulendo woyamba anaponda mwamphamvu ngati akupalasa makina osokera, mawu n'kugwidwa n'kumazungulira. Amalume anawauza kuti azingogunda n'kuchotsa. Ulendo wachiwiri anachedwa pang'ono. Wachitatu, titangoti tiyambe kuthamanga, ndinaona chala chachikulu cha phazi chikugunda kale batani, kanyali kofiira n'kufulumira limodzi nafe. Amalume ankaimba kachidutswa, yankho n'kugwera pa mpata pake penipeni. Tinaimba mavesi onse anayi. Akazi a a Daka anatuluka kukhitchini ndi mpeni ndi anyezi m'manja, n'kuima pakhomo mpaka tinamaliza.

“Mwadziwa bwanji kuti tithamanga pamenepo?” ndinafunsa.

“Mwana wanga, inu azimayi mumathamanga pamalo amodzimodzi. Mzere wachiwiri wa vesi yachiwiri, pamene a Juliet amakweza dzanja. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukuthamangirani.”

Panatsala kanthu kamodzi. Pedulo imakhala pafupi ndi ampu, ampu imakhala kutsogolo, pambali pa guwa. A Daka atazindikira zimenezi nkhope inagwa.

“Ndikakhale kutsogolo, anthu onse azikandiyang'ana dzanja?”

“Anthu adzayang'ana mkwatibwi,” anatero amalume akukulunga waya. “Inu ndinu ndani kuti akuyang'aneni? Ngakhale muli bwino palibe ankakuyang'anani.”

Peggy sanawakakamize atate ake. Koma Loweruka pa pulakatisi ya kwaya tinamva ndodo ikugogoda pakhomo la tchalitchi, ndipo a Daka anayenda pang'onopang'ono kudutsa benchi yawo yomalizira ija mpaka kutsogolo. A Juliet anati amve kaye ndi makutu awo. Anatiyambitsa nyimbo, ndipo ndikukhulupirira kuti anatithamangitsa dala kuposa masiku onse. Titamaliza anangoti, “Chabwino. Koma waya uja muudutsitse kukhoma, ungakole diresi.”

Tsiku la ukwati Peggy anamulowetsa ndi atate ake aang'ono, chifukwa a Daka anati sangakhale malo awiri. Anakhala pa mpando wapulasitiki pambali pa amalume, atavala suti yomwe anadzisokera okha zaka za kumbuyo. Nsapato yakumanja, yatsopano, anaivula n'kuiika pansi pa mpando. Anati mu nsapato batani salimva.

Ine ndinali mu mzere wa kwaya, Chipo ndinamusiya kwa amayi. Chitseko chitatseguka amalume anayamba, yankho linabwera, ndipo azimayi akuluakulu a m'mabenchi anaizindikira nyimbo nthawi yomweyo. Nthungululu zinayamba msanga, tisanafike n'komwe pa vesi yachiwiri, ndipo tinathamanga pamalo pomwe sitithamangira. Yankho limodzi linagwera pambali. Ndinayang'ana pansi, ndinaona sokosi yakuda ikugunda katatu, lotsatira linakhala m'malo mwake. Peggy anayenda kanjira konse ndi nyimbo ya atate ake. Atafika kutsogolo sanayang'ane mkwati poyamba, anayang'ana phazi lija.

Pedulo sinabwerere ku Lusaka. Gideon anati ikhale. Ndinaisokera kathumba ka chitenje chifukwa cha fumbi, ndipo imagona kwa a Daka, pa tebulo la pabalaza, osati pa wadirobu. Lamulungu a Daka amabwera nayo okha, ataikoleka pakhosi. Lachinayi amalume amatseka msanga pansi pa mango paja, n'kupalasa kupita kwa mnzawo ndi ampu pa kaliyala.

Sabata yatha ndinawapeza akukangana. A Daka anali atamatula tepi pa kamutu kamodzi, akuti akufuna yankho lizibwera lokhuthala pang'ono, ngati mmene gitala yawo inkalirira.

“Mudzawononga chinthu cha mwana,” anatero amalume.

“Inu imbani zanu, a Miti. Mbali ino ndi yanga.”

Amalume anang'ung'udza, kenako anaimba kachidutswa kaja n'kusiya mpata.